Yankho kwa alamu pa nkhani ya yoga

Alamu, mwaswera bwanji ku Nchaloko? Ndamva funso lanu lija, loti yoga mwayambayi, masewera otambasula ndi kulimbitsa thupi aja, muzichita tsiku lililonse kapena thupi limafuna masiku opumula. Eya, zimatengera kuti mukuchita yotani.

Yofewa ija, yongowongola msana, kutambasula miyendo ndi kukoka mpweya pang'onopang'ono, chitani tsiku ndi tsiku, mphindi 10 kapena 15 zakwana. Koma yolemetsa, yomwe thupi lonse limatsamira pa manja mpaka mikono kunjenjemera, kapena yoima mutapinda mawondo nthawi yaitali, ikhale katatu pa sabata. Tinene Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu, mphindi 20 mpaka 30. Pakatipo muzidumpha tsiku. Minofu ikagwira ntchito yolimba imakhala ndi timabala tosaoneka mkati, ndiye imapola ndi kulimba pa nthawi yopumulayo. Imafuna maola ngati 48.

Thupi likaphwanya mawa lake kapena mkuja musadandaule, zimatha zokha pakapita masiku atatu kapena anayi. Koma ululu wobaya pa bondo, pa mfundo ya dzanja, kapena wochoka m'chiuno kutsikira kumwendo, siyani pomwepo, musakakamize. Ukapitirira sabata pitani kuchipatala.

Chinanso, inu mumalima kudimba. Tsiku lomwe mwagwira khasu m'mawa wonse kapena mwasenza zidebe zamadzi, musaliwerenge ngati lopumula ayi, msana wagwira kale ntchito. Madzulo ake ingogonani chagada, kokerani mawondo pachifuwa, kokani mpweya ndi kutulutsa kakhumi, basi.

Ndiye kutentha kwa kwathu kuchigwaku mukukudziwa, mu Okutobala ndi Novembala kumapitirira madigiri 40. Chitani mbandakucha, cha m'ma 5 koloko, musanadye, mutangomwa kapu ya madzi. Akakhala madzulo, padutse maola awiri kapena atatu mutadya nsima. Kukatentha thupi limapindika mosavuta, munthu umapyola muyeso osadziwa, mawa lake mtsempha wa kuseri kwa ntchafu n'kumakoka. Mkeka musayale pa simenti yosalala, umaterereka manja akachita thukuta. Chizungulire chikabwera, khalani pansi pamthunzi, mumwe madzi.

Malungo akakugwirani, yoga idikire kaye mpaka mutamaliza mankhwala ndipo mphamvu zabwerera. Ndipo poti mumamwa mankhwala a BP, zoima chadodolido zija musayese n'komwe, komanso musamagwire mpweya m'chifuwa pochita, uzingolowa ndi kutuluka m'mphuno. Mupereke moni kwa ana.