Za Fusion, Mastercam ndi Aspire: yambani mwayang'ana makina anu

Achimwene, mwati mwagula CNC router (makina odulira oyendetsedwa ndi kompyuta) ya 1325 yochokera ku China yoti muzidulira zitseko ndi zikwangwani, chaka chamawa mukufuna kuwonjezera makina akale osemera zitsulo a Fanuc, ndiye mukufunsa kuti pakati pa mapulogalamu a Fusion, Mastercam ndi Aspire mugule iti. Ndaona ambiri akukuuzani Mastercam chifukwa ndi imene ili ndi dzina. Ine ndikuti dikirani kaye.

Musanatulutse ndalama, pitani mukaone controller ya router yanu, kutanthauza chipangizo chimene chimayendetsa makinawo. Ambiri mwa makina a 1325 amabwera ndi kachipangizo kogwira m'manja ka RichAuto DSP, ena NcStudio, ena Mach3. Pulogalamu ya CAM, monga zitatu mwatchulazi, imawerengera njira yoti bit (kachitsulo kodulira) idutse, koma chimene chimasandutsa njirayo kukhala G-code yoti makina anu amve ndi post processor. Ikalakwika imeneyi, kaya pulogalamuyo ndi yodula chotani, thabwa liwonongeka basi. Zinandionekera ine. Ndinasankha post yosagwirizana ndi mmene controller yanga inkawerengera I ndi J (manambala osonyeza pakati pa chizunguliro) pa G02 ndi G03, malamulo a G-code odulira mokhota, ndiye pamalo pokhota pang'ono pakona, makina anajambula chizunguliro chachikulu pakati penipeni pa chitseko cha mlombwa. Chinali cha kasitomala, ndipo ndinachilipira. Kuyambira tsiku limenelo fayilo yatsopano iliyonse ndimayamba ndaiyendetsa m'mwamba, bit isakukhudza thabwa.

Pa ntchito imene muli nayo lero, ine ndingatenge VCarve Pro. Ndi ya kampani ya Vectric ya ku England, yomweyo imene imapanga Aspire. Inapangidwira anthu a matabwa ndi zikwangwani: kulemba malemba ndi V-bit, kusanja zidutswa pa MDF kuti zotsala zichepe, kusiya timilatho toti chidutswa chisathawe podula. Mnyamata wodziwa CorelDRAW sachedwa kuizolowera. Chachikulu kwa ife kuno n'chakuti mumalipira kamodzi, layisensi n'kukhala yanu, ndipo imagwira ntchito popanda intaneti. Samalani musagule VCarve Desktop poona kutchipa, chifukwa imalekezera pa mainchesi 24 mbali zonse, pomwe tebulo lanu ndi la mamilimita 1300 kwa 2500. Aspire imaposa VCarve pa chinthu chimodzi chachikulu: mumatha kuumba nokha zithunzi za 3D, monga maluwa otukuka pachitseko. Ngati zithunzizo muzigula zopangidwa kale, VCarve Pro imazidula bwinobwino, ndipo tsiku limene mudzafune Aspire mudzangowonjezera ndalama pa layisensi yomweyo. Amene akuuzani za ArtCAM akunena pulogalamu imene Autodesk inasiya mu 2018; imene inapitiriza ntchito yake ndi Carveco.

Fusion ndimaikonda, ndisabise. Mumajambula chinthu, kukonza toolpath (njira yodutsa bit ija) ndi kuona mmene idzadulire, zonse malo amodzi, ndipo mukasintha muyeso pachojambula simuyambiranso pachiyambi. Adaptive Clearing yake, imene inachokera ku HSMWorks yomwe Autodesk inagula mu 2012, imachititsa kuti bit izidya mofanana paliponse m'malo modzazidwa mwadzidzidzi pakona. Pa aluminiyamu ndi chitsulo zimenezi zimasunga ma end mill (ma bit osemera zitsulo), omwe kuno kuwapeza n'kovuta. Ma post a Fanuc, Haas ndi Siemens alipo aulere, ndipo mutha kuwasintha nokha. Mukadzatenga makina a Fanuc aja, apa ndi pamene ndingakulozereni.

Koma mavuto ake amatigwera ife kwambiri kuposa anzathu akunja. Imalipiridwa mwezi ndi mwezi kapena chaka ndi chaka m'madola, ndipo nonse mukudziwa mmene ndalama zakunja zikuvutira. Mukalephera kulipira, ntchito yaima. Mafayilo amasungidwa pa intaneti. Imalola kugwira popanda netiweki kwa masiku owerengeka, kenako imafuna mulumikizenso, ndipo ma update ake amadya bandulo. Pali Fusion ya ulere, koma musaidalire. Ndi ya anthu ongosewera kunyumba amene sapeza ndalama zopitirira madola 1,000 pachaka, ndipo kuyambira mu 2020 anachotsamo kusintha tool kodzichitikira ndi kuyenda mothamanga pamene bit ili m'mwamba. Pa tebulo lalikulu ngati lanu, nthawi imene imatayika pamenepo ndi yambiri. Kuphunzirira ndiye ndi yabwino, ikani lero lomwe muziyeserera madzulo. Komanso pa malemba ndi zokongoletsa za zikwangwani Fusion imatopetsa. Ntchito ya mphindi khumi mu VCarve imatha kukudyerani theka la tsiku.

Mastercam ndi nkhalakale, inayamba mu 1983 ku America, ndipo kuyambira 2021 ili m'manja mwa kampani ya Sandvik. M'mafakitale osema zitsulo, kuphatikizapo ku South Africa, mupeza ambiri akuigwiritsa ntchito, choncho wachinyamata wofuna ntchito ku Joni akaidziwa zimamuthandiza. Imakupatsani ulamuliro pa kachinthu kalikonse ka toolpath, ndipo pa makina a 5-axis (oyenda njira zisanu) kapena lathe yokhala ndi live tooling (ma tool ozungulira okha) ndi yamphamvu zedi. Koma mtengo wake ndi madola masauzande angapo, imagulidwa kudzera kwa wogulitsa wovomerezeka, ndipo post yogwirizana ndi makina anu nthawi zambiri imachokera kwa iyeyo. Kwa munthu wa router imodzi, ndalama imeneyo bola ipite ku ma bit abwino, chokokera fumbi ndi UPS yoteteza kompyuta magetsi akazima. Pali Learning Edition yaulere, koma situlutsa G-code yoti mudulire.

Ndikudziwa kuti ena akulemberani kale ku inbox kuti ali ndi Mastercam ya pa flash. Musalole. Kupatula kuti n'kuba, mukaiyika pa kompyuta yoyendetsa makina simudziwa china chimene chalowa nacho, ndipo post ikavuta palibe woti mumufunse. Ngati ndalama palibiretu, FreeCAD ndi yaulere mwalamulo, ndipo 1.0 imene inatuluka mu 2024 ili ndi gawo la CAM lokwanira kudula mizere, mabowo ndi mapoketi, ngakhale imafuna kuleza mtima.

Vectric imapereka trial yaulere yokhala ndi mafayilo oyeserera amene mungadule pa makina anu. Itsitseni, sankhani post ya mamilimita yogwirizana ndi controller yanu, mudule pa chidutswa cha MDF chotsala, kenako muyeze ndi vernier. Tumizani chithunzi cha controller yanuyo pano, ndikuuzani post yoti muyambire.