Amayi atsala okha ku Beira, ine ndili ku Lilongwe

FUNSO

Zikomo alangizi. Ine ndine mayi wa zaka 41. Ndinabadwira ku Ulongwe, m'boma la Angónia ku Mozambique, koma ndinakwatiwa ku Malawi ndipo ndimakhala ku Lilongwe. Amayi anga ndi amasiye, ali ndi zaka 69, ndipo amavutika ndi mtima komanso kuthamanga kwa magazi. Madokotala a ku Tete anawatumiza ku chipatala chachikulu cha ku Beira kumene ayenera kumaonedwa pafupipafupi, choncho achimwene anga anawatenga n'kumakhala nawo m'nyumba yawo ku Manga, dera lina la mumzindawo. Patangotha miyezi iwiri, achimwenewo anasamutsidwa pa ntchito kupita ku Pemba, kutali kumpoto kwa dzikolo, pamodzi ndi banja lawo, ndipo amayi atsala okha m'nyumbamo. Chipwitikizi amachimva pang'ono chabe, nyanja yamchere anali asanaionepo chibadwire, ndipo sadziwa munthu aliyense. Ndalama ndimatumiza mwezi uliwonse komanso ndimaimba foni madzulo aliwonse. Iwo amangoti ali bwino, koma ndazindikira kuti satuluka pampanda ndipo masiku ena saphika. Kodi ndiwabweze kumudzi n'kusiya za chipatalazo, kapena pali chimene ndingachite kuti azolowere?

Wodandaula, Lilongwe

YANKHO

Achemwali, kalata yanu yandikhudza kwambiri, ndipo mwachita bwino kusakhutira ndi mawu akuti "ndili bwino", chifukwa makolo athu amabisa mavuto awo poopa kulemetsa ana. Musafulumire kuwabweza kumudzi, komanso musaganize kuti kuwonjezera ndalama kuthetsa nkhaniyi. Chimene amayi akusowa ndi anthu amene angadabwe ngati chitseko chawo sichinatsekulidwe pofika 8 koloko m'mawa, ndipo anthu oterowo simungawapeze pa foni. Muyenera kupita nokha, mukakhale nawo masabata awiri kapena atatu, ndipo ulendowo uchitike mvula isanayambe.

Taganizirani zimene anasiya ku Ulongwe. Kumeneko ankadzuka kukuzizira, n'kufunda chitenje chachiwiri, n'kutsikira kudimba kukaona kachewere ndi kabichi, ndipo asanafike n'komwe amakhala atapatsana moni ndi anthu khumi amene amawadziwa ndi mfunda wawo. Pakagwa maliro ankaitanidwa kukakhala ndi anamfedwa, mtsikana akatha msinkhu ankafunsidwa nzeru. Ku Beira zonsezi zatha tsiku limodzi. Munthu amene wasiya kufunidwa ndi anzake amasiyanso kudziphikira, pakuti nsima ya munthu mmodzi imagwetsa ulesi kuipika. Ndinaziona zimenezi kwa azakhali anga atasamukira m'tauni: mbale yawo ya nsima inkabwerera ili ndi mtanda wathunthu, mpaka tsiku limene mayi wina woyandikana nawo anawapempha kuti amuphunzitse kufutsa masamba a nyemba. Kuyambira pamenepo anayamba kudzuka m'mawa.

Mukafika, ntchito yoyamba ikhale yowaonetsa kwa anthu. M'mizinda ya ku Mozambique dera lililonse lili ndi mlembi wake, amene amatchedwa secretário do bairro, ndipo pansi pake pali chefe do quarteirão amene amayang'anira nyumba za chigawo chimodzi. Pitani ndi amayi kwa akuluakulu amenewa monga mmene mungaperekere mlendo kwa nyakwawa, muwauze kuti mayiwa akukhala okha ndiponso ndi odwala mtima, ndipo muwasiyire nambala yanu ndi ya achimwene. Mukatero lowani m'nyumba zitatu kapena zinayi zoyandikana nanu. Musapite chimanjamanja, tengani nyemba kapena kachewere wa kwanu, chifukwa mbewu za ku Angónia zimadziwika bwino m'misika ya ku Beira ndipo zidzayambitsa macheza. Pakati pa anthu amenewo sankhani mmodzi wokhwima maganizo amene mungamusungitse kiyi wina wa nyumba.

Za chilankhulo musade nazo nkhawa mopitirira. Ndi zoona kuti m'maofesi ndi m'chipatala mumalankhulidwa Chipwitikizi, koma pamsika, pampopi ndi m'makomo anthu ambiri a ku Beira amalankhula Chisena ndi Chindau. Chindau chili kufupi ndi Chishona ndipo chingawavute, koma Chisena ndi chibale cha Chichewa, chomwe chija timachimva ku Nsanje ndi ku Chikwawa. Madzi ndi madzi, moto ndi moto, nyumba ndi nyumba. Amayi akangophunzira kuthokoza kuti "takhuta" ndi kupereka moni wa kumeneko, adzapeza kuti amayi ogulitsa tomato akuwamva ndipo iwonso akumva zambiri. Chimene chimawatsekera m'nyumba ndi manyazi oopa kusekedwa, ndipo manyazi amenewo amachepa munthu akayesa koyamba mwana wake ali pambali.

Kenaka yendani nawo njira zimene azidzayenda okha, ndipo muziyende kangapo. Kuchokera ku Manga kupita ku chipatala chachikulu, chimene chili kufupi ndi gombe, ndi mtunda ndithu. Kwerani nawo chapa, minibasi ya kumeneko, kuti adziwe pokwerera, potsikira ndi ndalama zolipira. Ulendo wachitatu iwo atsogole, inu mutsatire osalankhula. Pezaninso woyendetsa txopela mmodzi, njinga yamoto ya matayala atatu ija, amene oyandikana nawo amamukhulupirira, kuti pa tsiku la sikelo ya mtima kapena usiku zinthu zikavuta akhale woimbiridwa. Muwalembetsenso ku chipatala chaching'ono cha m'dera lawo, kuti kuyeza magazi ndi kuyezetsa malungo asamakuyendere mtunda wautali. Pakhoma la kuchipinda matani pepala lolembedwa m'Chipwitikizi ndi zilembo zikuluzikulu, lokhala ndi dzina lawo, matenda awo, mayina a mankhwala amene amamwa ndi manambala a foni a ana awo, ndipo pepala lina lotero lizikhala m'kachikwama kamene amayenda nako.

Pali zinthu zina za m'mphepete mwa nyanja zimene munthu wa kumapiri sazidziwa, ndipo pa thanzi la amayi ndi zazikulu. Kutentha kwa ku Beira kumabwera ndi chinyezi, kotero kuti thukuta siliuma, mchere umaundana m'botolo, machesi amakana kuyaka, ndipo zovala zosungidwa m'sutikesi zimachita nkhungu. Mphepo ya kunyanja imadya chitsulo, choncho maloko, mahinjesi ndi misomali ya denga zimachita dzimbiri msanga. Yang'anani zimenezi musanabwerere. Mankhwala azisungidwa m'chitini chotseka bwino, kutali ndi zenera. Popeza amadwala mtima, mukafunse dokotala kuchuluka kwa madzi amene ayenera kumwa pa tsiku m'nyengo yotentha, chifukwa ena odwala mtima amauzidwa kuchepetsa madzi ndipo si nzeru kungoyerekeza. Nsomba zaziwisi za kumsika wa Praia Nova ndi chakudya chabwino kwa iwo, koma zouma zothira mchere wambiri zimakweza magazi. Udzudzu ndi wochuluka kuposa kwawo, ndipo neti iyenera kumangidwa chaka chonse. Madzi akumwa aziwiritsa kapena kuthira mankhwala a Certeza, makamaka m'nyengo ya mvula pamene kolera amabuka.

Nkhani imene sindingailumphe ndi ya namondwe. Mzinda wa Beira uli pamalo otsika kwambiri, pamene mtsinje wa Pungwe umathira m'nyanja, ndipo madera ambiri amadzaza madzi mvula ikagwa yambiri. Usiku wa pa 14 March 2019 namondwe wa Idai anasasula madenga a nyumba zosawerengeka, ndipo magetsi ndi mafoni zinaduka kwa masiku angapo. Mu January 2021 kunabweranso Eloise. Nyengo ya anamondwe imayambira mu November mpaka mu April. Sindikunena izi kuti ndikuopsezeni, koma kuti mukonzeke. Funsani oyandikana nawo kuti madzi anafika pati m'nyumbayo nthawi ya Idai, chifukwa iwo adzakulozerani pakhoma penipeni. Dziwani sukulu kapena tchalitchi chimene anthu a m'deralo amathawirako, ndipo mugwirizane ndi banja limodzi kuti chenjezo likangoperekedwa pa wailesi, iwo adzawatenge amayi mphepo isanayambe. Chitupa chawo, makadi a kuchipatala, mankhwala a masabata awiri, tochi ndi kawailesi ka mabatire zizikhala m'thumba la pulasitiki limodzi, pamalo okwera.

Za ndalama ndinena mwachidule. Magetsi olipiriratu a Credelec amagulidwa pa foni, choncho achimwene ali ku Pemba akhoza kumawagulira n'kutumiza manambala kwa woyandikana nawo uja. Ndalama za chakudya zizipita pang'onopang'ono kudzera pa M-Pesa kapena e-Mola, mlungu ndi mlungu, osati zambiri nthawi imodzi, ndipo muwatsindikire kuti nambala yachinsinsi sauza munthu aliyense woimba foni, ngakhale atanena kuti watumidwa ndi ana awo.

Koma zonsezi zimangoteteza thupi. Chimene chidzawadzutsa m'mawa ndi mpingo ndi ntchito ya manja awo. Mukadzera kumudzi, kapena pa foni, pemphani abusa kapena ansembe a ku Ulongwe kalata yosamutsira, ndipo muwafunse ngati akudziwa akhristu a kwanu amene ali ku Beira, pakuti anthu a m'chigawo cha Tete amapita kumeneko kukagwira ntchito, kukaphunzira ndi kukachita malonda. Lamlungu loyamba mupite nawo, muimirire pamodzi pamene alendo akulonjeredwa, ndipo muwapereke m'manja mwa amayi a chigwirizano kapena a mphakati. Kali kokha n'kanyama, anatero akale, ndipo mayi amene ali ndi msonkhano wa Lachinayi amasamba, amavala, amadya. Kuseri kwa nyumba alimireni kabedi ka mpiru, chisoso kapena bonongwe, ngakhale m'matumba a simenti ngati dothi ndi lamchenga, ndipo aikeni nkhuku ziwiri zitatu ngati malo alola. Masamba akachuluka adzagawira anzawo, ndipo wogawa salinso mlendo.

Tsiku lina madzulo apititseni ku Macuti, kumene kuli nsanja yakale younikira sitima zapamadzi, akaone nyanja ali chikhalire pamchenga. Muwafotokozere kuti nyanja iyi si ngati ya Malawi: madzi ake amaphwa n'kubwerera kawiri pa tsiku, ndipo ku Beira amaphwa mtunda wautali kenaka n'kudzaza mofulumira, choncho asamatsikire kutali kutsatira mchenga wouma. Chinthu chimene munthu wachiona ndi maso ake sichiopsanso ngati chongomva mkokomo wake usiku.

Mukabwerera ku Lilongwe, sinthani kafunsidwe kanu pa foni. Mmalo mofunsa ngati ali bwino, funsani kuti adya ndiwo yanji, alankhula ndi yani lero, mpiru wamera kapena ayi. Muziwapemphanso nzeru pa nkhani za ana anu, ndipo adzukulu aziwaimbira okha. Mukaona kuti akuonda, sakugona, akulira kawirikawiri kapena akunena zoti moyo wawakwana, dziwitsani dokotala wawo mwamsanga, chifukwa kukhumudwa kotero ndi matenda ndipo kuli ndi chithandizo.

Pa funso lanu lowabweza kumudzi, yankho silili ndi inu nokha kapena achimwene okha. Khalani pansi atatu, amayi ali pomwepo, mugwirizane kuti ayese miyezi itatu kapena inayi zinthu izi zitakonzedwa. Pa nthawi yomweyo funsani dokotala wa mtima ngati, matenda akakhazikika, angamaonedwe ku Tete n'kumapita ku Beira mwa apo ndi apo. Nthawiyo ikakwana, afunseni amayi kumene akufuna kukhala, ndipo muwapatse mpata woyankha achimwene ndi inu musananene maganizo anu.