Mafunso Anu: Mpasa ndi mitengo ya m'mbali mwa mtsinje

FUNSO: Ndimakhala ku Chilomoni koma kwathu ndi ku Nkhotakota, komwe tili ndi dimba m'mphepete mwa kamtsinje kothira mu Bua. Alangizi akuti tisamalime mpaka m'gombe chifukwa tikupha mpasa. Nsomba ya m'nyanja ingafe bwanji ndi khasu la kumtunda?

YANKHO: Bambo, alangiziwo sananame. Mpasa imakulira m'nyanja ya Malawi, koma ikafuna kuswana imakwera mitsinje ngati Bua ndi North Rukuru. N'chifukwa chake azungu anaitcha "lake salmon", poifanizira ndi salimoni ya ku Ulaya ndi ku America yomwe imachoka m'nyanja ya mchere n'kukaikira mazira kumtsinje komwe inabadwira. Si pachibale nsomba ziwirizi, koma zofuna zawo n'zimodzi: madzi oyenda, osazama, ndi timiyala toyera pansi.

Nkhani yonse ili pa timiyalato. Mazira amagwera m'mipata ya timiyala, ndipo madzi odutsa m'mipatamo ndiwo amawabweretsera mpweya. Dothi la m'dimba lanu likakokoloka limatseka mipata ija ngati pulasitala, mazira n'kufa osaswa. Mitengo ikadulidwa mthunzi umatha, madzi amatentha, ndipo madzi otentha sasunga mpweya wambiri. Bua ikadali ndi mpasa makamaka chifukwa imadutsa m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota, yomwe a bungwe la African Parks akhala akuisamalira kuyambira 2015.

Chochita n'ichi. Yezani mamita 10 mpaka 15 kuchokera pomwe madzi amalekezera mtsinje ukadzadza, osati pomwe ali mu Okutobala, ndipo m'menemo musalowe khasu. Bango ndi udzu wa m'gombe musazule. Kumalire a dimba bzalani mzere wa udzu wa vetiva motsata kalozera, mapesi awiri kapena atatu pa phando, motalikana masentimita 10 mpaka 15. Ambiri amalakwa potalikitsa mapando. Madzi amapeza mpata n'kukumba chigwembe pomwepo. Pakati pa vetiva ndi mtsinje ikani mbawa, katope ndi mkuyu, motalikana mamita atatu, m'maenje a masentimita 30 mulitali, mulifupi ndi kuya komwe. Bzalani mvula ikakhazikika, mu Disembala kapena Januwale. Bulugamu ayi, amamwa madzi kwambiri ndipo pansi pake sipamera udzu wogwira nthaka.

Mbande sizifa ndi chilala chokha, zimafanso ndi mbuzi ndi moto. Zitchingireni ndi minga, ndipo lambulani njira yotchinga moto udzu usanaume.

Komabe dimba limodzi silingapulumutse mtsinje. Kambiranani ndi amfumu kuti malire amenewa akhale a mudzi wonse, pamodzi ndi kuletsa katupe (mankhwala ophera nsomba), neti za udzudzu, ndi maukonde otseka matsiriro a mtsinje nsomba zikamakwera. Mpasa yogwidwa pa matsiriro imafa ndi mazira ake m'mimba.

FUNSO: Ine ndili ku Ndirande, ndipo mu Mudi mulibe mpasa. Zimenezi zikutikhudza ife a m'tauni? Ndine mayi wa ana anayi.

YANKHO: Zikukukhudzani pa mpopi, mayi. Dothi lochoka m'phiri la Ndirande, lomwe mitengo yake inatha kalekale, limatsikira m'damu la Mudi n'kuchepetsa malo osungira madzi. Madzi ambiri a mzinda uno wa Blantyre amapopedwa mu Shire pa Walker's Ferry, ndipo matope a mu Shire ndi omwenso amavutitsa makina a magetsi ku Nkula. Ngati muli ndi kamunda kotsetsereka, akalozera ndi vetiva agwira ntchito yomweyo. Zinyalala za pulasitiki musathire m'ngalande, ndipo mukamagula mchenga womangira funsani ngati sunakumbidwe m'gombe, chifukwa gombe lokumbidwa pansi limagumuka ndi mvula yoyamba.