Liwu la malembo 45, tilidule pati?

FUNSO: Akonzi, aphunzitsi athu a Chingerezi atilembera pa bolodi liwu ili: pneumonoultramicroscopicsilicovolcanoconiosis. Akuti amene alitchule osapunthwa sasesa m'kalasi sabata yonse. Kodi limadulidwa pati, nanga limatchulidwa bwanji?
Wophunzira wa kalasi 10, Ulongwe, Angónia

YANKHO: Musayambe ndi maphatikizo, mungasochere. Yambani mwalidula m'zigawo zisanu ndi chimodzi zokhala ndi tanthauzo. Pneumono akunena mapapo, ultra ndi kupitirira muyezo, microscopic ndi tinthu tosaoneka ndi maso, silico ndi silika wa mumchenga ndi m'miyala, volcano ndi phiri lophulika moto, coniosis ndi nthenda ya fumbi. Kenako dulani maphatikizo, onse 19: pneu-mo-no, ul-tra, mi-cro-scop-ic, sil-i-co, vol-ca-no, co-ni-o-sis.

Pakamwa lizimveka chonchi: nyu-mo-no, al-tra, mai-kro-SKO-pik, si-li-ko, vol-KEI-no, ko-ni-OU-sis.

Msampha woyamba uli pakhomo penipeni. Ife a kuno ku Tete tinazolowera pneu wa Chipwitikizi, tayala lija, pamene p amamveka bwinobwino. M'Chingerezi p ameneyu ndi wosalankhula, mumayambira pa n. Chipwitikizi chomwecho chidzakunyengeninso pa mi ndi ca, muti "mikro" ndi "volkano", pomwe Mngerezi amati "maikro" ndi "volkeino".

Msampha wachiwiri ndi wa Chichewa chathu, ndipo ndiwo wovuta. Phatikizo lathu limathera pa lembo la liwu, choncho lilime likakumana ndi l, t ndi r ataunjikana mu ultra, limalowetsamo lokha u kapena i, n'kutuluka "alutira". Kumapeto nako pik amasanduka "piki", sis n'kukhala "sisi". Mukatero maphatikizo aja amapitirira 19. Ombani m'manja kamodzi pa phatikizo lililonse: katatu, kawiri, kanayi, katatu, katatu, kanayi. Mukaomba katatu pa ultra, dziwani kuti mwalowetsamo mlendo. Samalaninso r wa mu tra ndi kro asasanduke l.

Pamene mwachita mwayi ndi pokweza mawu. Mphamvu yaikulu ili pa OU, phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, pomwe Chichewa chimakokera kale, monga mu "chimanga". Poyeserera yambirani kumchira: ousis, koniousis, volkeino-koniousis, mpaka mufike kumutu. Mupume pang'ono mukatha pik.

Liwuli analipeka dala mu 1935 Everett M. Smith, mtsogoleri wa National Puzzlers' League, bungwe la okonda masewera a mawu ku America, pofuna liwu lalitali basi. Kuchipatala simudzalimva. Wogwira ntchito mu mgodi wa malasha ku Moatize kapena woswa miyala akadwala ndi fumbi, m'Chingerezi madokotala amati pneumoconiosis kapena silicosis, ndipo p wa loyambalo nayenso satchulidwa.