Alamu anga akusowa mpira wa kwawo

FUNSO: Akonzi, alamu anga ochokera ku America akukhala nafe kuno ku Kasungu, ndipo chiyambireni mwezi wa Epulo sakuoneka osangalala, ati akusowa masewera a baseball. Kodi masewerawa ndi otani, nanga tingawathandize bwanji?

Wowerenga wa ku Kasungu

YANKHO: Musawadabwe alamu anuwo. Baseball ndi masewera omenya kampira kolimba ndi chibonga, kenaka womenyayo amathamanga kuzungulira malo anayi kuti apeze chigoli. Mu ligi yaikulu ya kumeneko, yotchedwa MLB, muli matimu 30, ndipo timu iliyonse imasewera maulendo 162 kuchokera kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Seputembala, motero wochemerera amazolowera kutsata timu yake pafupifupi tsiku lililonse, pomwe ife mpira wamiyendo timaudikira Loweruka ndi Lamlungu. Mpikisano womaliza wa World Series umayamba mu Okutobala.

Chovuta kwambiri ndi nthawi. Masewera oyamba 7 koloko madzulo ku New York, kuno amayamba 1 koloko usiku, anthu ali m'tulo. Koma Lamlungu ambiri amayamba cha m'ma 1 koloko masana, yomwe kuno ndi 7 koloko madzulo, ndipo imeneyo ndiyo nthawi yoti banja lonse likhale nawo pansi mutatha kudya nsima, iwo azikufotokozerani malamulo ake, omwe kunena zoona ndi ozunguza mutu poyamba.

Angathe kulipira MLB.TV, yomwe imaonetsa masewerawa pa intaneti, ngakhale kuti kanema amatha bandulo msanga. Netiweki ikamavuta, aziwamvera owulutsa mawu okha pafoni.