Ayi achimwene, .jpg si loko

Achimwene ena a ku Nchalo andilembera imelo. Akuti apanga webusaiti ya PHP (chilankhulo cholembera mapulogalamu a pa seva) yoti anthu azitumizirapo ma CV ndi zithunzi, ndiye akufunsa ngati kungoona kuti dzina la fayilo likuthera ndi .jpg kapena .pdf nkokwanira. Nditangowerenga mutu unayamba kugunda.

Chaka chatha anandiitana ku Ngabu kuti ndikaone saiti ya kagulu kena ka alimi a thonje, a hosting (kampani yosunga saitiyo pa intaneti) anali ataitseka chifukwa imatumiza ma spam usiku wonse. Munali mu Okutobala, kutentha kwa kuno mukukudziwa, magetsi atathima, ine thukuta kamukamu pa laputopu. Nditatsegula foda ya uploads ndinapeza kafayilo kotchedwa chithunzi.php.jpg, mkatimo mulibe nkhope ya munthu, muli khodi yolandira malamulo kuchokera pa browser. Web shell imeneyo. Apache, pulogalamu yoyendetsa saiti pa seva, ikakonzedwa ndi lamulo la AddHandler imaona .php yapakatiyo nkuyendetsa fayiloyo ngati pulogalamu, basi wakubayo akuwerenga config (fayilo ya makonzedwe a saiti), password ya database, manambala a foni a alimi onse. Amene anapanga saitiyo ndalama zake anadya kalekale, foni sayankha mpaka lero.

Ndipo zomanena kuti "ife a kuchigwa atilondola ndani" zimandinyansa kwabasi. Palibe akukusakani inuyo, ndi ma bot, mapulogalamu ongoyendayenda pa intaneti usana ndi usiku kuyesa chitseko chilichonse, kaya ndi cha ku London kaya cha ku Bangula. Mu 2020 File Manager, plugin (pulogalamu yowonjezera) ya ma saiti a WordPress, inali ndi bowo lolola anthu kulowetsa mafayilo oipa ngati amenewa, ma saiti ambirimbiri analowedwa. Mu 2016 ImageMagick, yomwe ambiri timachepetsera zithunzi, inkatha kuyendetsa malamulo obisidwa m'chithunzi. Ndiye wina nkumati ndatchinga ndi JavaScript, khodi yoyendera mu browser ya wotumizayo! Imeneyo munthu amaidumpha ndi curl, kapulogalamu kotumiza fayilo molunjika ku seva. Content-Type, yonena mtundu wa fayilo, nayonso amalemba ndi wotumizayo, anganame mmene akufunira.

Ndiye mutani?

Mafayilo musunge kunja kwa public_html (foda yomwe anthu amaifikira pa intaneti), kapena muthimitse PHP mu foda ya uploads. Dzina lotumizidwalo litayeni, mupatse lanu lachisawawa. Lolani mitundu yochepa yokha, muziona zamkati pa seva ndi finfo (chida cha PHP chozindikira mtundu wa fayilo), zithunzi muzizilembanso ndi GD (chida cha PHP chokonzera zithunzi), muike malire a kukula kwake. SVG (zithunzi zotha kubisa khodi) ndi .htaccess (fayilo yosintha makonzedwe a Apache) musalole ngakhale akupempheni motani.