Feteleza wa m'nyumba ndi zija za ku Beirut

Zikomo amalume, ndamva funso lanu, loti kodi matumba a feteleza mwasunga kuchipindawo sangaphulike ngati zija za ku Beirut, poti ku Nsanje kwayamba kutentha. Ayi, mtima pansi. Dzuwa lokha, ngakhale la Okutobala ku Bangula, silingaphulitse feteleza.

Chidaphulika padoko la Beirut ku Lebanon pa 4 Ogasiti 2020 ndi ammonium nitrate, mankhwala amene amapezeka mu feteleza wina, matani 2,750. Tikawerengera matumba a makilogalamu 50, ndiye kuti 55,000, onse m'nyumba imodzi yosungiramo katundu. Komanso katunduyo ankabwera pafupi pompano, ku Beira. Sitima yotchedwa Rhosus idanyamuka naye ku Georgia mu 2013, idaima ku Beirut, osachokanso. Adamutsitsa n'kumuunjika, zaka pafupifupi 6 ali pomwepo, akuluakulu akungolemberana makalata. Tsiku limenelo moto udabuka m'nyumbamo, n'kuyaka kaye kanthawi mulu wonse usanaphulike. Anthu oposa 200 adafa, oposa 6,000 adavulala, pafupifupi 300,000 nyumba zawo zidaonongeka. Nkhokwe zazikulu za tirigu padokopo zidang'ambika, chonsecho dzikolo tirigu limachita kuitanitsa kunja.

Ndiye mukuona, pamafunika mulu waukulu, malo otsekeka ndi moto wamphamvu, makamaka mafuta akalowamo. Yuriya mulibe ammonium nitrate. CAN alimo, koma adasakaniza ndi laimu, ndiye mphamvu yake ndi yochepa.

Komabe musatayirire. Dizilo, petulo wa njinga yamoto ndi parafini zisakhale chipinda chimodzi ndi matumbawo. Mbaula isalowemo. Yalani matabwa kapena njerwa pansi, matumba asagunde khoma, asafike kumalata. Kunoko chimene chimadya feteleza kwambiri ndi chinyontho, ndiye kumene madzi a Shire amafika, mukwezeni ndithu. Yuriya ndi CAN musasakanize n'kusunga, zimasanduka phala. Akauma n'kukhala chibuma, muphwanye ndi mtengo, osamuyandikiza pamoto.

Nyumba ikapsa muli CAN, thirani madzi ambiri muli patali, osakwirira ndi mchenga. Mukaona utsi wofiirira, umenewo ndi poizoni, umaononga mapapo. Chotsani ana, muime kumene mphepo ikuchokera. Amene waupuma apite kuchipatala ngakhale akumva bwino, chifukwa kubanika kumatha kuyamba patapita maola angapo.